Ndege zankhondo za injini ziwiri: pakati pa Lightning, Mosquito, Beaufighter ndi Bf 110, imamvera dzanja ndi iti?

Amene anayendetsapo ngolo amadziwa chimene chimachitika ng'ombe imodzi ikagwada m'goli inzake ikukokabe. Ngolo siima pomwepo. Imakhotera kumene kuli ng'ombe yagwadayo, ndipo ukachedwa umadzidzimuka uli m'ngalande. Ndege ya injini ziwiri imachitanso chomwecho injini imodzi ikazima, kungoti ngalande yake ndi nthaka yolimba imene ili pansi pako, ndipo nthawi yoganiza ndi masekondi owerengeka. Apa ndi pamene ine ndimayesera ndege za mtundu umenewu za pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Liwiro ndi mfuti zili ndi malo ake, koma khalidwe lenileni la ndegezi limaonekera pamsewu wonyamukira ndi pa tsiku limene injini imodzi yakana.

Ambirife timakumana nazo pa kompyuta, m'masewera monga DCS World, IL-2 Sturmovik ndi War Thunder, kapena patebulo pomata tizidutswa ta pulasitiki ta makampani a Airfix ndi Tamiya kuti tikhale tindege tating'ono. Abale amene ali ku Britain ali ndi mwayi wokaziona maso ndi maso m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Kulikonseko funso ndi limodzi: nthawi ndi ndalama zanga ndiziike pa iti?

Poyamba tidziwe chifukwa chake zinapangidwa. M'zaka za m'ma 1930 injini imodzi inalibe mphamvu yonyamula mafuta a ulendo wautali, mizinga ikuluikulu, n'kuthamangabe. Opanga ndege anaika injini ziwiri m'mapiko, ndipo mphuno ya ndege inatsala yopanda kanthu. M'mphunomo anadzazamo mfuti zoloza kutsogolo chowongoka, pamene ndege zambiri za injini imodzi mfuti zake zinali m'mapiko, zopendeketsedwa kuti zipolopolo zikakumane pa mtunda winawake. Mtengo wa phindu limeneli unali kulemera. Zitsulo zolemera zikakhala kutali m'mapiko, ndege imachita ulesi pogubuduka, ndipo pankhondo ya m'mlengalenga wochedwa kutembenuka ndi amene amadyedwa.

Lightning, ya munthu mmodzi

P-38 Lightning ya kampani ya Lockheed ya ku America inauluka koyamba pa 27 Januwale 1939, ndipo mmodzi mwa amene anaikonza anali Kelly Johnson. Simungaisokoneze ndi ina: matupi awiri opyapyala ochokera ku injini kukafika kumchira, pakati pake kanyumba ka woyendetsa. Maonekedwe amenewa ndi amene anachititsa kuti ipatsidwe ntchito yolondera zombo pa tsiku limene asilikali a Britain, America ndi anzawo anatsika ku Normandy, ku France, mu Juni 1944, kuti owombera a pa zombozo asaiyese ndege ya adani.

Pa zonse zinayi, iyi ndiyo yachifundo kwa wophunzira pamene ili pansi. Mapulopela ake amazungulira mosiyana, ina chakumanja ina chakumanzere, choncho kukoka kwa ina kumafafaniza kukoka kwa inzake. Ukatsegula mphamvu imayenda ngati yaikidwa panjanji. Tayala lake lachitatu lili kutsogolo, osati kumchira monga zinzakezi, ndiye mphuno siikutchingira njira. Mmalo mwa ndodo ili ndi chiwongolero chonga cha galimoto. Kutsogoloko kuli mfuti zinayi za .50 ndi mzinga umodzi wa mamilimita 20, zonse pamalo amodzi.

Msampha wake uli pa injini kuzima ndege itangochoka pansi. Nzeru ya chibadwa imakuuza kuti uwonjezere mphamvu ku injini yatsalayo. Ukatero Lightning imagudubuka chagada n'kukadzimenyetsa pansi, ndipo ophunzira ambiri anafa motero njira yoyenera isanakhazikike. Njirayo ndi yotsutsana ndi mtima: yamba wachepetsa mphamvu, wongola ndege ndi phazi, tembenuza masamba a pulopela yakufayo kuti ayime chammbali asamagwire mphepo, kenako uziwonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Ine pa kompyuta zinanditengera mausiku angapo kuti dzanja lisiye kukankha lokha.

Vuto lachiwiri linali potsika chamutu kuchokera m'mwamba kwambiri. Liwiro likakwera, mphepo yodutsa pamwamba pa phiko inkayandikira liwiro la phokoso, mphuno n'kuzyolikirabe pansi, chiwongolero n'kuuma ngati achithira simenti. Ralph Virden, woyesa ndege wa Lockheed, anafa mu Novembala 1941 pofufuza vuto lomweli. Mankhwala ake anafika mu 1944: tizitseko tating'ono pansi pa mapiko totseguka potsika, komanso mphamvu ya mafuta opanikizidwa yothandiza kugubuduza ndege. Choncho ngati masewera akukupatsani mwayi wosankha, tengani ma P-38J omalizira kapena P-38L. Ndi ndege ina ndithu poyerekeza ndi zoyambirira zija, ndipo imapitirira makilomita 650 pa ola.

Ku Ulaya sinakondedwe kwenikweni ndi operekeza ndege za mabomba. Injini za Allison zinkavuta m'kuzizira kwa m'mwamba, ndipo popeza zili kutali ndi kanyumba ka woyendetsa, kutentha kwake sikunkamufika, manja ndi mapazi ankachita dzanzi. Mu 1944 P-51 Mustang inailanda ntchitoyo. Ku Pacific nkhani inali ina. Pouluka maola ambiri pamwamba pa nyanja, injini yachiwiri ndiyo inkabweza munthu kwawo. Richard Bong anagwetsa ndege 40 ndipo Thomas McGuire 38, onse ali mu Lightning, ndipo palibe wa ku America amene anawaposa. Pa 18 Epulo 1943 ma Lightning 16 ochokera ku Guadalcanal anauluka chapansipansi pa nyanja, mawailesi ali zii, n'kukagwetsa ndege imene munali Admiral Yamamoto, mkulu wa zombo zankhondo za Japan, ku Bougainville. Ndege za injini imodzi zimene zinali kumeneko sizikanafika.

Mosquito, ya matabwa

Dzina lake ndi udzudzu, ndipo kwa ife amene timagona m'neti dzinali silifuna kumasulira kwina. Inauluka koyamba pa 25 Novembala 1940, ndipo zonse pamodzi zinapangidwa 7,781, ku Britain, ku Canada ndi ku Australia. Chimene chimandigwira mtima ndi mmene inkapangidwira. Aluminiyamu anali wosowa, akalipentala anali mbwee. Geoffrey de Havilland, mwini kampani ya ku Britain imene inaipanga, anapanga thupi la ndege ndi matabwa opyapyala omatidwa, pakati pake mtengo wopepuka wa balsa wochokera ku Ecuador. Thupilo linkaumbidwa pa chikombole zigawo ziwiri, lamanja ndi lamanzere, amisiri n'kuikiratu mawaya ndi mapaipi m'kati, kenako n'kumata ziwirizo ngati mukutseka chikwama. Opanga mipando a ku High Wycombe ndi malo ena ndi amene ankasema zigawo zake zambiri. Mukamadutsa pa akalipentala a m'mbali mwa msewu akupala thabwa, ganizirani kuti luso la mtundu womwewo linatulutsa ndege imene kwa nthawi ndithu adani ankalephera kuipeza.

Mtundu umene unachuluka kwambiri ndi FB Mk VI, womwenso uli mu DCS World: mizinga inayi ya mamilimita 20 pansi pa mimba, mfuti zinayi za .303 kumphuno, ndi mabomba. Woyendetsa ndi wolondolera njira amakhala moyandikana, mapewa kutsala pang'ono kugundana, polowera ndi kachitseko kakang'ono cha kumanja. Mutu umodzi susenza denga: usiku kapena pouluka mofanana ndi nsonga za mitengo, maso a munthu wachiwiri anali chuma chimene woyendetsa Lightning analibe.

M'mwamba ndi yopepuka m'manja ndipo imamva msanga. Pansi ndi ya makani. Injini zake ziwiri za Rolls-Royce Merlin zimazungulira mbali imodzi, choncho ukatsegula mphamvu imakokera kumanzere. Chiwongolero cha kumchira sichigwira ntchito liwiro likadali lochepa, chifukwa chili pakati ndipo mphepo ya mapulopela siichimenya mokwanira. Njira yake ndi kutsogoza pang'ono mphamvu ya injini ya kumanzere ndi kutsegula modekha. Ukapupuluma imazungulira pamsewu pomwepo, miyendo n'kuthyoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choopsa kwambiri ndi mpata umene uli pakati pa liwiro lochokera pansi ndi liwiro limene ndegeyi ingalamulike ndi injini imodzi. Mpatawo ndi waukulu, makamaka ikasenza katundu. Injini ikazima uli m'kati mwa mpata umenewo, matayala asanapindike, chanzeru n'kutseka zonse ndi kutera kumene mphuno yaloza. Pofika potera ndi injini imodzi, ukatsitsa matayala ndi zotchingira mphepo wadzimangirira, kubwereranso m'mwamba n'kovuta zedi. Ndiye kuti Mosquito imafuna munthu woganiza patsogolo, wodziwiratu chimene achite chinthu chisanachitike.

Matabwa anali ndi mavuto akenso. Ku India ndi ku Burma mu 1944 ndege zingapo zinathyoka mapiko zikuuluka. Poyamba anthu analoza chala guluu ndi chinyezi, kenako kufufuza kunapezanso zolakwika pa kalumikizidwe ka matabwa a phiko ku fakitale. Dzuwa ndi mvula za kumadera otentha sizinali bwenzi la ndegeyi, ndipo n'chifukwa chake zotsala ndi zochepa.

Mbiri yake ili ndi zowala ndi zakuda. Pa 18 Febuluwale 1944 ma Mosquito anagumula makoma a ndende ya ku Amiens, ku France, kuti akaidi a m'manja mwa Germany athawe. Pa 21 Malichi 1945 anakaphulitsa likulu la Gestapo, apolisi achinsinsi a Germany, ku Copenhagen, koma ndege imodzi itagwa pafupi ndi sukulu, zina zinayesa utsiwo ndi pamalo pofunika, ndipo ana oposa 80 anafa. Ndimakumbukira zimenezi nthawi zonse ndikamasirira kukongola kwake. Anzathu a ku South Africa nawo ali m'nkhaniyi: gulu la 60 Squadron la asilikali awo a m'mlengalenga linkaulutsa ma Mosquito ojambula zithunzi kuchokera ku Italy, ndipo mu 1944 linajambula kuchokera m'mwamba msasa wa Auschwitz, kumene a Nazi ankapherako anthu.

Beaufighter

Iyi siyokongola, ndipo siinayesepo kukhala yokongola. Kampani ya Bristol inatenga mapiko ndi mchira wa ndege yake ya mabomba ya Beaufort n'kuikapo thupi latsopano, ndipo inauluka pa 17 Julaye 1939. Mphuno yake ndi yaifupi moti injini ziwiri zazikulu za Hercules zimatsogola, woyendetsa n'kukhala ngati wapanikizidwa pakati pa migolo iwiri. Kutsogolo amaona bwino kwambiri, m'mbali amaona injini. Mizinga inayi ya mamilimita 20 ndi mfuti zisanu ndi imodzi m'mapiko: m'masiku ake oyamba panalibe ina yoluma chonchi.

Kayendetsedwe kake ndi ka lole yodzaza matumba a chimanga. Ndi yolemera m'manja, liwiro lake ndi la m'ma 500 makilomita pa ola, imakhota ponyamuka, ndipo zoyambirira zinkavuta kukhazikika, mphuno imangofuna kukwera kapena kutsika. Mk II, imene anaiika injini za Merlin, ndiyo inali ndi mbiri yoipa koposa pa kukhota. Anakonza popendeketsa timapiko ta kumchira kuti tiloze m'mwamba, kenako anawonjezera chipsepse pamsana. Koma inali yolimba. Injini zake zimazizira ndi mphepo, osati madzi, choncho chipolopolo chimodzi sichikanazitayitsa madzi n'kuziumitsa monga zimachitira Merlin ndi Allison. Kwa munthu wowombera zombo ali pafupi ndi madzi, zimenezi n'zofunika kuposa kukongola.

Ndiyo inayamba kupindula usiku ku Britain ndi makina a rada, oonera ndege zimene maso sangazione. John Cunningham atayamba kugwetsa ndege za Germany mumdima, anthu anauzidwa kuti ali ndi maso a mphaka chifukwa chodya makaroti, pofuna kubisa za makinawo. Mu Malichi 1943 ma Beaufighter a Australia anathandiza kuwononga zombo za Japan pa nyanja ya Bismarck. Inagwiranso ntchito yaikulu ku Burma, kuwombera sitima za pamtunda, mabwato ndi magalimoto a Japan, m'dziko lomwelo limene agogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenyako nkhondo mu 1944.

Bf 110

Ya Germany iyi ndiyo yakale pa zonse, inauluka pa 12 Meyi 1936. Hermann Göring, mkulu wa asilikali a m'mlengalenga a Germany, ankainyadira, ndipo ankaika oyendetsa osankhika m'magulu ake. Ku Poland ndi ku France inachita bwino. Pofika ku Britain mu 1940 inakumana ndi Hurricane ndi Spitfire, ndege za injini imodzi za Britain, ndipo chinsinsi chinaululika. Liwiro inali nalo, mizinga inali nayo, koma inkachedwa kutenga liwirolo ndipo potembenuka inkafuna bwalo lalikulu. Atailamula kuti iziyenda pafupi ndi ndege za mabomba, anaichotsera zida zake ziwiri, kutalika ndi liwiro. Oyendetsa ake akapanikizika ankapanga bwalo, iliyonse kuteteza mchira wa inzake. Ndege imene inapangidwa kuti iperekeze zinzake inayamba kufuna operekeza.

Ponena za kumvera dzanja, ndi yofatsa. Ili ndi michira iwiri imene ili kumbuyo kwa mapulopela, choncho mphepo imaimenya kuyambira pachiyambi ndipo phazi limagwira ntchito msanga. M'mphepete mwa mapiko muli tizitsulo totseguka tokha liwiro likachepa, tothandiza kuti isagwe mwadzidzidzi. Wophunzira wa pa kompyuta sangavutike nayo kunyamuka ndi kutera. Adzavutika akangoyesa kuzungulirana ndi Spitfire. Njira yake ndi imodzi: khala pamwamba, tsika, womba, pitirira, usacheuke.

Ntchito yake yeniyeni inaipeza usiku, pamene kutembenuka kulibe kanthu koma kukhazikika ndi malo oika makina. Mtundu wa G-4 unali ndi rada ya Lichtenstein, minyanga yake yachitsulo ili yangayanga kumphuno, ndipo ina inali ndi mizinga yoloza m'mwamba kuti ilowe mosaoneka kunsi kwa Lancaster, ndege ya mabomba ya Britain. Heinz-Wolfgang Schnaufer anagwetsa ndege 121 akuyendetsa Bf 110. Ndi ndege ya mtundu womwewunso imene Rudolf Hess, wachiwiri kwa Hitler m'chipani cha Nazi, anathawira nayo ku Scotland pa 10 Meyi 1941. Me 210 imene inayenera kulowa m'malo mwake inatuluka yosakhazikika ndi yoopsa, choncho nkhalambayi inapitiriza ntchito mpaka nkhondo kutha.

Pali ziwiri zimene zimandimvetsa chisoni, ndingozitchula. Westland Whirlwind, ya munthu mmodzi, mizinga inayi kumphuno, oyendetsa ake ankaikonda ikakhala chapansi. Inafa chifukwa Rolls-Royce inasiya kupanga injini yake ya Peregrine pofuna kulimbikira Merlin. Zinapangidwa zongopitirira pang'ono 100, magulu awiri okha ndi amene anazigwiritsa ntchito, ndipo palibe yatsala. De Havilland Hornet, mng'ono wake wa Mosquito, inali ndi mapulopela ozungulira mosiyana monga Lightning, ndipo Eric Brown, amene anayesa mitundu ya ndege yochuluka kuposa munthu wina aliyense, ankaiika pakati pa zimene anazikonda koposa. Inachedwa nkhondo, inakamenya ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, ndipo nayonso palibe yathunthu yatsala.

Nanga musankhe iti?

Ngati mukuyamba kumene pa kompyuta ndipo mumasewera nokha, tengani Lightning ya kumapeto. Idzakuchitirani chifundo pamsewu, mfuti zake siziphonya kutali ndi pafupi, ndipo ndiyo yokha pa zinayizi imene ingalimbane masana ndi ndege za injini imodzi popanda kupepesa. Mudzangofunika kuzolowera ntchito ya manja, chifukwa matanki a mafuta, mapulopela ndi kutentha kwa injini ziwiri zonse zili pa inu nokha. Ngati muli ndi mnzanu wokhala pampando wachiwiri, kapena mumakonda kuphunzira chinthu mpaka chikulowereni m'mafupa, Mosquito ndiyo. Koma musaiyambe ndi kiyibodi. Popanda zopondera za mapazi ndi zotsegulira mphamvu ziwiri zosiyana, mudzathera masabata mukuzungulira m'udzu. Bf 110 ndi ya munthu wodekha amene amavomereza malire ake. Beaufighter ndi ya okonda kuwombera zombo, ndipo patebulo la omata pulasitiki ndiyo imakoma kuposa zonse, chifukwa utsi wa injini, kusupuka kwa penti ndi dzimbiri la m'nyanja zimaikhala bwino. Kwa omata Lightning, chenjezo limodzi: ikani kachitsulo kolemera m'mphuno musanatseke, apo ayi idzakhalira mchira, ndipo kuwongola matupi awiri aja kuti afanane kumafuna maso abwino.

Ine mtima wanga uli pa Mosquito, ngakhale ndikudziwa kuti Lightning ndiyo imamvera bwino. Mwina ndi nkhani ya akalipentala ija.

Okonda kuona ndi kumva phokoso lenileni, kusankha kwachepa. Palibe Bf 110 kapena Beaufighter imene ikuuluka lero, koma zonse ziwiri zili ku RAF Museum ku Hendon, mu London. Ma Lightning ouluka ndi owerengeka, ambiri ali ku America. Wotchuka ndi Glacier Girl, amene anatera mwangozi ku Greenland mu Julaye 1942, anakumbidwa mu 1992 pansi pa madzi oundana okuya mamita oposa 80, n'kuulukanso mu 2002. Ku Ulaya kuli wonyezimira wa gulu la Flying Bulls ku Salzburg. Mosquito inasowa m'mlengalenga kuyambira mu Julaye 1996, pamene yomaliza youluka ku Britain inagwa pa chionetsero ku Barton, pafupi ndi Manchester. Inabwerera mu 2012 chifukwa cha amisiri a ku New Zealand: Glyn Powell anasema zikombole zatsopano za thupi, kampani ya Avspecs n'kumaliza ndege ya KA114, imene tsopano ili ku Virginia Beach. Mosquito yoyambirira yeniyeni, W4050, ili ku de Havilland Aircraft Museum ku London Colney, pafupi ndi nyumba ya Salisbury Hall kumene inakonzedwera. Mukapita, imani chammbali kumene kuwala kukumenya thupi lake, muone kusalala kwa thabwa lokutidwa ndi nsalu, lopanda mizere ya misomali imene imadzaza pa ndege zachitsulo.